Kuchoka ku Lumbadzi kukatera ku Chileka: mtunda wake ndi wotani kwenikweni?

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa bambo wina wa ku Lilongwe, ndipo ndaifupikitsa. Akuti mayi awo akuyenera kukaonana ndi dokotala ku Blantyre mwezi wamawa. Mayiwo msana umawavuta kwambiri, moti akakhalitsa pa mpando amachita kuwagwira mkono potsika. Abale asonkherana ndalama kuti ulendo uno akwere ndege. Bamboyu atafufuza pa intaneti mtunda wa pakati pa bwalo la ndege la Kamuzu ndi la Chileka, wapeza manambala anayi osiyana: pena akuti 245, pena 152, pena 132, penanso 310. Akufunsa kuti zoona ndi ziti, ndipo ngati ndi pafupi chonchi, bwanji tikiti ikudula ngati munthu akupita kunja. Funso lawo lomaliza ndi lakuti, kodi sakungotaya ndalama za abale?

Achimwene, zikomo polemba, ndipo pepani ndi matenda a mayi. Manambala anayi onsewo ndi oona. Palibe tsamba lomwe lakunamizani, kungoti aliyense akuyeza ndi muyeso wake ndipo sanakuuzeni.

Mukatenga ulusi n'kuwukoka pa mapu kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi mpaka pa bwalo la Chileka, mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 245. Imeneyo ndiye nambala yoti muisunge. Ya 152 ija ndi mtunda womwewo koma m'mamailosi, chifukwa mailosi imodzi ndi makilomita 1.609. Masamba ambiri a ku America ndi ku Britain amalemba mamailosi osanena n'komwe. Ya 132 ndi ya oyendetsa ndege. Iwo ndi amalinyero ali ndi mailosi yawoyawo yotchedwa nautical mile, yomwe ndi yaitaliko, makilomita 1.852. Gawani 245 ndi 1.852 muona kuti mufika pa 132. Ya 310 yokha ndiye yosiyana ndi zinzake, chifukwa ndi ya pamsewu wa M1, kuchoka m'tauni ya Lilongwe kudutsa Dedza, Ntcheu ndi Zalewa kukafika m'tauni ya Blantyre.

Mwina mukumananso ndi 239 kapena 240. Ameneyo wayeza molunjika ndithu, koma kuchokera pakati pa mzinda kukafika pakati pa mzinda, osati bwalo ndi bwalo. Paja bwalo la Kamuzu lili makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa tauni, pomwe la Chileka lili makilomita pafupifupi 16 kumpoto chakumadzulo kwa Blantyre. Tsamba lina likakuuzani kuti ndi makilomita opitirira 8,000, musadzidzimuke. Latengera Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone. Pofuna kupewa zimenezi, mukamafufuza lembani zilembo zitatu zomwe makampani a ndege amadziwira mabwalowa: LLW ndi Lilongwe, BLZ ndi Chileka. Bwalo la Chileka masiku ano linapatsidwa dzina la Bakili Muluzi, choncho mukaona dzina limeneli pa tikiti dziwani kuti ndi malo omwewo. Woyendetsa takisi mukangomuuza kuti Chileka amva.

Ngati muli ndi mwana wa ku sekondale pakhomo, mupatseni samu iyi aone kuti Pythagoras amene amamuvutitsa m'kalasi uja ali ndi ntchito. Bwalo la Kamuzu lili pa madigiri 13.79 kummwera ndi 33.78 kummawa. La Chileka lili pa 15.68 kummwera ndi 34.97 kummawa. Ndiye kuti Chileka ili kummwera kwa Lumbadzi ndi madigiri 1.89, komanso kummawa kwake ndi madigiri 1.19. Digiri imodzi yopita kummwera ndi makilomita pafupifupi 111, zomwe zikutipatsa 210. Digiri yopita kummawa imafupikirako munthu akamatalikira equator, ndipo kwathu kuno ili cha m'ma 107 ndi theka, zomwe zikutipatsa 128. Mbali ziwiri za trayango zapezeka, yachitatu, yomwe ndi ulusi wathu uja, ituluka 245 kapena 246. Pa maulendo aatali ngati wopita ku London samu imeneyi singagwire chifukwa dziko ndi lobulungira, koma pa kamtunda aka kusiyana kwake n'kosaoneka.

Chomwe chimandisangalatsa pa ulusi uja ndi komwe umadutsa. Ambiri timaganiza kuti ulendo wa Lilongwe ndi Blantyre ndi wa m'dziko mwathu mokhamokha, koma yang'anani mapu bwinobwino. Dziko la Malawi ndi lopindika, ndipo Mozambique imalowa pamimba pake cha kumadzulo kwa Dedza ndi Ntcheu. Mzere wolunjika ukachoka ku Lumbadzi umaloza kummwera chakummawa, n'kudutsa kumadzulo kwa boma la Dedza, kenaka n'kulowa m'dera la Angónia m'chigawo cha Tete. Pakati penipeni pa ulendowu pamagwera kufupi ndi tauni ya Ulongwe, komwe anthu ake amalankhula chinenero chomwechi. Mzerewo umabwereranso m'Malawi cha ku Tsangano, n'kutsetsereka ndi mapiri a Neno, n'kuwoloka Shire cha ku Zalewa ndi Nkula, basi Chileka iyo. Msewu wa M1 sungachite zimenezi. Umayenera kuzungulira motsata malire, n'chifukwa chake pa Lizulu mukaima kugula kachewere ndi kabichi, tsidya lina la msewu ndi Mozambique. Makilomita 65 owonjezera aja ndi a kuzungulira kumeneku pamodzi ndi makhotakhota a m'mapiri.

Tsono ndege yeniyeni siyenda pa ulusi ndendende, ndipo apa ndi pomwe nthawi imayamba kutalika. Ndege zomwe zimakonda kuyenda njira imeneyi ndi za Malawi Airlines, kampani yomwe inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatha, ndipo eni ake ndi boma la Malawi ndi Ethiopian Airlines. Ali ndi ndege ya mapulopela yotchedwa Q400 komanso Boeing 737. Q400 ikakhazikika m'mwamba imatha kuthamanga makilomita opitirira 600 pa ola. Mukawerengera mwachidule, makilomita 245 akuyenera kutha m'mphindi zosakwana 25. Koma pa tikiti muona mphindi 40 kapena kuposerapo pang'ono. Zinazo zapita kuti?

Nthawi ya pa tikiti amawerengera kuyambira pomwe ndege yasuntha pamalo oimikapo mpaka itaimanso kwinako. Mkati mwake muli kuyenda pang'onopang'ono kupita kumapeto kwa msewu wonyamukira, kudikira chilolezo kuchokera ku nsanja, kukwera, kutsika, ndi kukhotakhota kuti ilunjike msewu wotererapo. Ndege siikwera pa liwiro lake lonse, ndipo m'maiko ambiri pali lamulo lakuti ikakhala pansi pa mamita pafupifupi 3,000 isapitirire makilomita 460 pa ola. Pa ulendo waufupi ngati uwu, gawo lalikulu limathera m'kukwera ndi m'kutsika. Ikangofika pamwamba, antchito a m'ndege asanamalize n'kugawa zakumwa komwe, mumva akulengeza kuti mangani malamba tayamba kutsika.

Palinso nkhani ya mphepo. Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, chifukwa ikatero mapiko amagwira msanga. Kumapeto kwa msewu wa ndege kumalembedwa manambala akuluakulu oyera, ndipo manambalawo amanena komwe msewuwo waloza pa kampasi. Wa ku Lumbadzi ndi 14 mbali ina, 32 mbali inayo. Nambala 14 ikutanthauza madigiri pafupifupi 140, komwe ndi kummwera chakummawa, kufupi kwambiri ndi komwe kuli Chileka. Ndiye tsiku lomwe kukuomba mwera, ndege imadzuka itayang'ana kale komwe ikupita. Mphepo ikatembenuka, imanyamukira mbali ya 32, kuloza kumpoto chakumadzulo ngati ikupita ku Kasungu, kenaka n'kuzungulira kubwerera. Ku Chileka msewu waukulu ndi 10 ndi 28, wogona kummawa ndi kumadzulo, choncho ndege yochokera ku Lilongwe siingangobwera n'kutera. Iyenera kupatuka kaye n'kudzalowa bwino. Nyengo ya dzinja woyendetsa amalambalala mitambo ikuluikulu ya mabingu ija, ndipo miyezi ya June ndi July chiperoni chikaphimba Blantyre amatha kuzungulira m'mwamba kudikira kuti kuyere. Zonsezi zimawonjezera makilomita angapo pa 245 paja, ndipo palibe masiku awiri omwe ndege imayenda mtunda wofanana ndendende.

Apa ndafikanso pa funso lanu la mtengo. Tikiti ya ndege samayeza ndi mtunda ngati mmene amachitira a kabaza. Zili ngati kuphika nsima: kaya ndi ya munthu mmodzi kaya ya anthu khumi, moto muyenera kukoleza, madzi ayenera kuwira, ndipo mphika mudzatsuka. Ndege imamwa mafuta ambiri ponyamuka ndi pokwera, ndipo ulendo waufupi ulibe chigawo chachitali chouluka mosawononga mafuta choti chibwezere. Kutera kulikonse kuli ndi msonkho wa bwalo. Matayala, mabuleki ndi injini amaziwerengera moyo potengera kuti ndege yanyamuka ndi kutera kangati, osati makilomita okha. Onyamula katundu, oyang'ana chitetezo ndi ozimitsa moto amagwira ntchito yomweyo kaya ndegeyo ikupita ku Chileka kaya ku Nairobi. Onjezerani kuti mafuta a ndege ndi zipangizo zake zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja, pomwe kwacha yathu mukuidziwa mmene ilili. Mukagawa mtengo wa tikiti ndi makilomita, maulendo aafupi ndi omwe amadula kwambiri, ndipo si kwathu kokha kuno.

Chinanso choti mudziwe n'chakuti nthawi zambiri ulendo wa Lilongwe ndi Blantyre umakhala chiduswa cha ulendo wautali. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg molunjika ndi makilomita pafupifupi 1,490. Kudzera ku Chileka ndi 245 kuphatikiza 1,350, zomwe zikukwana pafupifupi 1,600. Kampani ikangowonjezera makilomita 110 okha, imanyamula anthu a mizinda iwiri m'ndege imodzi. Kwa inu izi zikutanthauza kuti nthawi yonyamukira imakonzedwa poganizira a ku Joni, osati mayi omwe ali ndi nthawi yoonana ndi dokotala. Yang'anitsitsani ola lake musanalipire. Ine ndingakonde kuti afike dzulo lake, agone kwa achibale, m'mawa apite kuchipatala atapuma. Kukonza zoti atere 9 koloko n'kukaonana ndi dokotala 10 koloko ndi kuika mtima m'malere pachabe, chifukwa ndege ikachedwa komwe ikuchokera, inunso mwachedwa.

Mwina mungadabwe kuti dziko laling'ono chonchi likhaliranji ndi mabwalo awiri akuluakulu oyandikana motere. Chileka ndiye wamkulu pa kubadwa. Ndi pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa 6 July 1958 pobwerera kwawo, ndipo kwa zaka zambiri ndi pomwe panali khomo la dziko lino. Likulu litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, panafunika bwalo latsopano, ndipo la ku Lumbadzi linayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Msewu wake ndi wautali makilomita opitirira 3, pomwe wa ku Chileka ndi pafupifupi 2.3. Koma malonda ambiri anatsalira ku Blantyre, ndiye mabwalo onse awiri akufunikabe.

Tsopano tiwerengere ulendo wa mayi monga mmene adzaumvere m'thupi, kuyambira pa khomo panu. Kuchoka m'tauni kupita ku Lumbadzi ikani mphindi 30 mpaka 45, malinga ndi komwe mumakhala komanso kuchuluka kwa magalimoto pa Kanengo. Pa bwalo muyenera kufika nthawi ikadalipo, ola limodzi ndi theka ndege isananyamuke kuti musathamangitse munthu wodwala. Onjezani mphindi 40 za ulendo, mphindi zina 20 zodikira chikwama, kenaka mphindi 30 kapena kuposerapo kuchoka ku Chileka kudutsa pa Kameza kulowa m'tauni. Zonse pamodzi zikufika maola atatu ndi theka, mwinanso anayi. Basi yabwino ya kochi imatenga maola anayi ndi theka kapena asanu. Pa galimoto yanu mutha kufika msangako, mutalipira pa zipata za Kalinyeke ndi Chingeni ndi kuima pa marodibuloko. Mukuona nokha kuti ndege siikupulumutsirani tsiku lonse ngati mmene 245 ndi mphindi 40 zimanamizira. Ikupulumutsirani ola limodzi, mwina limodzi ndi theka.

Mukanandiuza kuti ndinu mnyamata wabwinobwino mukupita ku ukwati wa mnzanu, ndikanati kwerani basi, ndalama yotsalayo mukafupe pa perekaniperekani. Koma nkhani ya mayi si ya maola onse pamodzi. Ndi ya maola omwe akhale atapanikizika pa mpando umodzi osatha kudzuka. Pa basi ndi maola anayi ndi theka kapena asanu, msana ukulandira bampu iliyonse ndi dzenje lililonse. Pa ndege ndi mphindi zosakwana ola. Nthawi ina yonseyo ali pa bwalo, pomwe atha kuimirira, kuyenda pang'ono, kupita kuchimbudzi, n'kukhalanso. Kwa munthu wa msana kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa makilomita. Ndiye ayi, simukutaya ndalama za abale. Ngati thumba silikulola ulendo wopita ndi wobwerera, ndingasankhe kuti ndege ikhale ya tsiku lomwe thupi lidzakhale lofooka kwambiri, ndipo nthawi zambiri limenelo ndi lobwerera, akatha kuwapinda ndi kuwatembenuza kuchipatala. Njira ina yapakati ndi galimoto ya pabanja, mpando wakutsogolo atawugoneka, n'kumaima pa Dedza ndi pa Ntcheu kuti awongole miyendo.

Pogula tikiti nenani nthawi yomweyo kuti mayi adzafuna chikuku. Musadikire tsiku la ulendo. Makampani a ndege amapereka thandizo limeneli, koma amafuna kudziwiratu. Nenaninso ngati angathe kukwera masitepe okha kapena ayi, chifukwa pa mabwalo athuwa munthu amafika pansi pa ndege n'kukwera makwerero. Apa Q400 ili ndi ubwino wake: ndi yaifupi, masitepe ake ndi ochepa ndipo ali pa chitseko pomwe. Boeing 737 ndi yaitali, makwerero ake amachita kubwera nawo. Kuipa kwa Q400 ndi phokoso, makamaka mipando yoyandikana ndi mapulopela, choncho ngati mayi sakonda phokoso apemphereni mpando wa chakumbuyo. Mankhwala awo, makalata a kuchipatala ndi chiphaso cha unzika zikhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'chikwama chachikulu chopita kunsi.

Achenjezeninso za makutu, makamaka ngati aka n'koyamba kukwera. Potsika makutu amatseka ndipo ena amamva kuwawa. Kumeza malovu, kuyasamula kapena kumung'unya switi kumathandiza. Bwalo la Kamuzu lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Chileka ili pa 780, ndiye akutsikira malo otsika ndi otentherapo. Juzi yomwe avale m'mawa ku Lumbadzi adzaivula akangotuluka m'ndege, ngakhale kuti akamakwera kulowa m'tauni ya Blantyre kumazizirakonso. Ndipo ngati dokotala angawachite opaleshoni iliyonse, mufunseni mwachindunji ngati angakwere ndege pobwerera ndi kuti adikire masiku angati. Mpweya wa m'ndege umakhala wopepukirapo kuposa wa pansi, ndipo pali maopaleshoni ena, monga ena a m'diso ndi a m'mimba, omwe munthu saloledwa kuuluka msanga.

Ngati msana ungawalole kukhala pa windo, popita ku Blantyre asankhireni mbali ya kumanzere, mpando wa chilembo A. Kukakhala kopanda mitambo adzaona phiri la Dedza, lomwe ndi lalitali mamita pafupifupi 2,200, ndipo patali kuseri kwake nyanja ikunyezimira. Chakumapeto kwa ulendo kumaoneka phiri la Zomba, mwinanso Mulanje patsogolo. Miyezi ya September ndi October musayembekezere zambiri, utsi wa moto wa m'tchire umaphimba zonse. Pobwerera zinthu zomwezi zili kumanja. Koma ngati akufunika kumadzuka pafupipafupi, mpando wa m'mbali mwa kanjira ndiwo wabwino, ndipo wa pa windowo mukhalepo inu kapena amene adzawaperekeze.